"Black and blue" ndi "riot act": m'Chichewa tinene bwanji?

Funso: Ndimathandiza kumasulira nkhani za pa wailesi. Azungu amati "they beat him black and blue", penanso "the boss read him the riot act". Mnzanga analemba kuti "anamumenya mpaka kuda ndi kubiriwira". Kodi n'zolondola?

Yankho: Ayi ndithu, mnzanuyo wamasulira mawu koma wataya nkhani. Mawu a Chingerezi amenewo akunena za khungu la mzungu, lomwe limasintha mtundu magazi akagwirana m'kati. Pa khungu lathu mtunduwo suoneka kwenikweni, n'chifukwa chake Mchewa salabadira mtundu. Amaona kutupa, amaona mikwingwirima kumsana, amamva kulira kwa chikoti.

Ndiye mawu tili nawo, ambiri kuposa amene timagwiritsa ntchito. Nenani kuti anamutibula, kapena anamuthidzimula. Ine ndimakonda kupuntha. Amene anaonapo amayi atayanika nyemba pabwalo, n'kutenga ndodo kumazimenya mpaka makoko onse atasweka, akamva kuti "anamupuntha" safunsanso kuti zinafika pati. Koma samalani, mawuwa salowana m'malo chisawawa. Kukwapula ndi kuthyapa kumafuna mkwapulo kapena chikoti, khofi ndi wa chikhatho, chibakera ndi cha nkhonya. Musalembe kuti wina wakwapulidwa ndi chibakera.

Za "riot act" zili ndi mbiri yake. Linali lamulo la ku Britain la 1714. Anthu 12 kapena kuposerapo akasonkhana mwachipolowe, mkulu wa boma ankawawerengera chilengezo chowalamula kuti abalalike, ndipo wotsalira pamalopo ola limodzi litatha ankapalamula mlandu woti akanatha kuphedwa nawo. Lero mzungu akatero akungotanthauza kukalipira munthu ndi chenjezo lomaliza. Lembani kuti "abwana anamukalipira, n'kumuuza kuti akadzayambiranso aona zakuda".

Mudzakumananso ndi "tongue-lashing" ndi "dressing-down". Apa pali kulalatira, kuzazira, ndi kusambwadza ngati mawuwo anali onyoza. Zikafika poti munthu wauzidwa zonse pagulu, mutu n'kuwerama, timati amusambitsa chokweza. Chingerezi chimakonda kubwereka mawu a ndewu ponena za kudzudzula, monga "slam", "blast" ndi "hammer" m'mitu ya nkhani. Musatengeke nazo n'kulemba kuti phungu wamenya nduna, omvera angaganize kuti m'nyumba ya malamulo munagwa ndewu.

Chimene chimandiwawa ine ndi "wadzudzula mwamphamvu". Tsiku ndi tsiku bishopu wadzudzula mwamphamvu, mfumu yadzudzula mwamphamvu, ngakhale mphunzitsi wampira. Sikulakwa ayi, koma mawuwa atha mchere. Mfumu ikayankhula mosapsatira, lembani kuti sinapsatire mawu. Ikalalata, lembani kuti yalalata.