Za geni ya malamba a wotchi, poti mwafunsa

Achimwene mwafunsa kuti geni ya malamba a wotchi osintha saizi ndi chala imayenda bwanji, timaoda kuti, nanga pa boda zimatha bwanji. Ndiyankha, koma nambala ya amene amandipatsa katundu musayembekeze, imeneyo aliyense amaivutikira yekha.

Katunduyu amayenda kuno kuchigwa chifukwa cha kutentha basi. Okutobala ndi Novembala ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, munthu wavala wotchi m'mawa ili bwinobwino, ikamakwana 2 koloko dzanja latupa lamba wayamba kuluma, usiku wayambanso kukhwepa. Lamba wachitsulo wamba mpaka upite kwa okonza mawotchi akagogode pini achotse mfundo. Awawa loko yake ili ndi kanjanji mkati, ungodina n'kukoka watambasuka pang'ono, osafuna chida chilichonse. Eni ake enieni ndi ngati a Rolex, loko yawo yotchedwa Glidelock ya pa wotchi ya Submariner imayenda mpaka 20mm, 2mm sitepe iliyonse, ya kampani ya Tudor ija amati T-fit imayenda 8mm. Ife timagulitsa a ku China otengera nzeru yomweyo oti munthu aike pa Casio kapena Seiko yake. Ndipo pa Nchalo mukafunse anayamba kubweretsa ndani. Ine kasitomala sindilimbana naye, ndimamuveka n'kumuuza kuti azungulire msika dzuwa lili pamutu, akabwera amatulutsa yekha ndalama. Ogula ng'ombe a ku Ngabu sanenerera n'komwe.

Koma 2023 sindidzaiwala. Ndinatenga mpamba wonse, kuphatikiza ya banki mkhonde ya mayi a kunyumba ndi ina ya katapila, ulendo wa ku Joni, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, miyendo kutupa m'basi. Wa shopu ya ku Joni tinadziwana kalekale, anandionetsa sampulo yolemera bwino, chitsulo chenicheni chosachita dzimbiri msanga cha 316L, ndinaipala ndi fayilo pamaso pake mkati moyera ngati kunja. Katoni anamanga yekha kuseri ine ndikusintha ma rand. Pamwamba anaika abwino, pansi ponse zopaka utoto, ndipo kasipuling'i ka mu loko kanali kawaya wamba. Munthu woti ndinkadya naye nsima!

Zimenezo ndinali ndisanazidziwe pomwe ndimafika pa boda ina, sinditchula. Bwana wina anatsegula katoni, kunyamula lamba mmodzi, kumuyang'ana uku ndi uku, akuti izi ndi zodzikongoletsera zodula, malisiti anu ndi abodza. Ndinamuonetsa invoisi, sitampa ya shopu, zonse, iye kungotsegula foni kundionetsa mtengo wa lamba wa wotchi ya mamiliyoni akuti ndi yomweyi. Mtengo anaika wa m'mutu mwake, msonkho wake kuposa ndalama yomwe ndinagulira katundu. Ndinadziwa chomwe amafuna, kangachepe, ndipo ndinakana chifukwa pepala langa linali loyera. Basi inandisiya. Katundu anamutsekera, ine kugona pakhonde, mawa bwerani mawa, bwana wamkulu kulibe, netiweki yavuta. Mnyamata wamng'ono kwa ine kumandiuza kuti madala khalani panja mukutisokosa. Mpaka lero ndikamva mawu amenewo mtima umawawa.

Ndili pa mzere womwewo, Novembala uja, kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700. Msonkho wowerengera pa ndalama yakunja unakwera pomwepo ine ndisanagulitse kalikonse, wa katapila naye akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Ndinagulitsa njinga yamoto ndi mbuzi zomwe zinapulumuka madzi a Freddy kuti ndiombole katoni imeneyo. Kufika nayo kuno, kugulitsa pa malipiro a ku nzimbe, mwezi usanathe anthu ayamba kubwera, dzanja labiriwira, loko yachita dzimbiri sikugwiranso, wina wotchi ya malemu bambo ake inagwera mu Shire ali pa bwato. Thukuta la kuno lili ndi mchere, chitsulo chabodza silichedwa nacho. Ndinabweza ndalama kwa aliyense mmodzimmodzi, ena ndinachita kuwalondola kwawo pa kabaza, n'chifukwa chake mpaka pano akamva kuti ndafika amabwera. Ena aja amene amaseka nthawi imeneyo geni anasiya kalekale.

Ndiye mukati mpamba wochepa ine ndimangoti chabwino, yesani. Katoni azimanga inu mukuona. Tengani mmodzi wa pansi mumuviike m'madzi a mchere agone, mawa mudine loko kambirimbiri, ikayamba kulimba kapena kuterereka musiyeni. Kumapeto kolowa pa wotchi kuli 18, 20 ndi 22mm, ambiri kuno ndi 20 ndi 22, ndipo okhota kumapeto aja sakwana pa wotchi iliyonse, tengani owongoka. Timapini ta sipuling'i tengani tambiri, timatayika. Olembedwa dzina kapena chizindikiro cha kampani yodula musayerekeze, amenewo ndi feki, akalanda simudzawaonanso ndipo palibe amene angakumvereni chisoni.

Wina akakunamizani za fomu ya bungwe la zamalonda la maiko la COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a COMESA, lamba wa ku China salowamo, komanso Mozambique si membala ndiye pa boda ya Marka musakaitulutse. Malisiti jambulani pa foni musanakwere basi, ndipo pepala lililonse limene akulemberani pa boda muone kuti pali sitampa ndi dzina. Ngongole kwa a pa malipiro ayi, akalandira amayamba wa gulosale, inu mudzamva mwezi wa mawa.