Kodi munthu wa ku Africa anatengapo chikho cha Wimbledon?

Bambo wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano anditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wayamba kusewera tenisi kusukulu, ndipo atawonera Wimbledon pa TV anawapanikiza ndi mafunso: mpikisanowu unayamba bwanji, akatswiri ake ndi ndani, ndipo kodi munthu wa ku Africa kapena munthu wakuda anaupambanapo? Bambo, ndikhalitsa pa funso lomalizalo, koma silingamveke bwino tisanaone kumene mpikisanowu unachokera.

Wimbledon ndi dera la kumwera chakumadzulo kwa London. Mpikisano woyamba unachitika mu 1877 pa kalabu ya All England, imene poyamba inali ya masewero ena otchedwa croquet. Analembetsa ndi amuna 22 okha, ndipo anapambana ndi Spencer Gore. Anthu pafupifupi 200 anabwera kudzaonera ndime yomaliza, aliyense atalipira shilingi imodzi. Amayi anayamba kupikisana mu 1884, pamene Maud Watson anagonjetsa mchemwali wake Lilian. Mu 1922 kalabuyi inasamukira ku Church Road, komwe ili mpaka lero. Mpikisanowu unaima pa nthawi ya nkhondo ziwiri za dziko lonse, komanso mu 2020 chifukwa cha COVID-19. Mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi, ndi wokhawu umene udakaseweredwa pa kapinga. Kapingayo amametedwa mpaka kutsala mamilimita 8, ndiye mpira ukagwa umatsetsereka chapansipansi osapatsa wosewera mpata woganiza. Zovala zoyera zija ndi lamulo la kalabu.

Mwa amuna, Roger Federer ndiye anapambana kambiri, kasanu ndi katatu, kuyambira 2003 mpaka 2017. William Renshaw wa m'ma 1880, Pete Sampras ndi Novak Djokovic anapambana kasanu ndi kawiri aliyense. Björn Borg anatenga chikho zaka zisanu zotsatizana, 1976 mpaka 1980. Koma mfumu yeniyeni ya bwalo lija ndi mayi: Martina Navratilova anapambana kasanu ndi kanayi, komaliza mu 1990, ndipo palibe mwamuna kapena mkazi amene wamufika pa masewero a mmodzimmodzi. Eni bwalo okha ndiwo anavutika. Fred Perry atapambana mu 1936, amuna a ku Britain anadikira zaka 77 kuti Andy Murray awapukute misozi mu 2013.

Chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti mpaka 1968 munthu wosewera tenisi ngati ntchito yolandirapo malipiro sankaloledwa ku Wimbledon, ndipo wopambana sankalandira ndalama. Zimenezi zinkatanthauza kuti masewerowa ankakomera anthu amene kwawo kunali chuma kale. Apa ndi pamene nkhani ya Althea Gibson imandikhudza kwambiri.

Gibson anakulira ku Harlem, ku New York, pa nthawi imene makalabu ambiri a tenisi ku America sankalola munthu wakuda kuponda pabwalo. Mu 1956 anapambana masewero a awiriawiri ku Wimbledon limodzi ndi Angela Buxton, mtsikana wachiyuda wa ku England amene naye ankasalidwa. Chaka chotsatira, 1957, anagonjetsa Darlene Hard pa ndime yomaliza n'kukhala munthu wakuda woyamba kutenga chikho cha mmodzimmodzi. Amene anamupatsa mphothoyo m'manja anali Mfumukazi Elizabeth II, ndipo atabwerera ku New York anthu anadzaza m'misewu kumulandira. Mu 1958 anapambananso. Komabe ulemu sudyedwa. Katswiri wa dziko lonse uja analibe ndalama, moti anasiya mipikisano ikuluikuluyi ali pachimake kuti akafune njira zina zopezera chakudya. Atakalamba n'kudwala, umphawi utamugwira, anali Buxton yemwe uja amene anapempha anthu okonda tenisi kuti amusonkhere thandizo. Ndimaona kuti masewerowa sanamubwezere mayiyu zimene anawachitira.

Mwamuna wakuda yekhayo amene wapambanapo mmodzimmodzi ku Wimbledon ndi Arthur Ashe, mu 1975. Anakumana ndi Jimmy Connors, amene anali ndi chikho cha chaka chapitacho ndipo pafupifupi aliyense ankati apambananso. Connors ankakonda mpira wobwera mwamphamvu, chifukwa ankaubweza ndi mphamvu yomweyo. Ashe anamumana. Ankamuponyera mipira yofewa, yotsika, ina yomuthamangitsira kunja kwa bwalo, ina yomudutsa pamwamba, mpaka Connors anasokonezeka. Maseti (zigawo za masewero) awiri oyamba anatha 6-1, 6-1 mokomera Ashe. Connors anatenga yachitatu, koma Ashe anatseka nkhani pa 6-4. Ashe yemweyu analimbana ndi boma la tsankho la South Africa limene linkamukaniza chitupa cholowera m'dzikolo mpaka 1973, ndipo ndi iye amene anazindikira luso la kamnyamata kotchedwa Yannick Noah ku Cameroon mu 1971. Noah anadzapambana French Open, umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ija, mu 1983.

Kenako kunabwera Venus ndi Serena Williams, amene bambo awo anawaphunzitsa pa mabwalo a boma ku Compton, ku America. Venus anapambana kasanu, Serena kasanu ndi kawiri, ndipo kanayi anakumana okhaokha pa ndime yomaliza. Venus anachitanso china chachikulu kunja kwa bwalo. Mu 1968 Rod Laver analandira mapaundi 2,000 pamene Billie Jean King, atapambana mpikisano womwewo mbali ya amayi, analandira 750. Kusiyanaku kunkachepa pang'onopang'ono koma sikunathe, mpaka Venus anakalankhula ndi akuluakulu a masewerowa ndi kulemba m'nyuzipepala modandaula. Mu 2007 Wimbledon inayamba kupereka mphotho yofanana, ndipo mayi woyamba kuilandira anali Venus yemweyo.

Nanga a ku Africa kuno? Pa mmodzimmodzi, m'mabuku muli dzina limodzi lokha pansi pa mbendera ya dziko la ku Africa: Jaroslav Drobný, amene anapambana mu 1954 akuimira Egypt. Koma iyeyu anabadwira ku Prague, ku Ulaya, anathawa boma la kwawo, Egypt inangomupatsa unzika. Wobadwira ku Africa n'kuimira dziko lake sanachitengebe chikhochi, ngakhale angapo anafika pakhomo penipeni. Kevin Curren wa ku Durban, amene pa nthawiyo anali atatenga unzika wa America, anagonja kwa Boris Becker wa zaka 17 mu 1985. Kevin Anderson wa ku South Africa anafika ndime yomaliza mu 2018 atasewera maola oposa asanu ndi limodzi ndi John Isner, seti yomaliza ikutha 26-24. Patangopita masiku awiri anakumana ndi Djokovic miyendo italema kale. Ons Jabeur wa ku Tunisia anafika pa ndime yomaliza kawiri motsatizana, mu 2022 ndi 2023. Ulendo wachiwiriwo, atagonja kwa Markéta Vondroušová, analira pamaso pa anthu onse, ndipo ambiri a ife amene tinkamuchemerera tinamva kuwawa limodzi naye.

Pa awiriawiri ndiye nkhani ndi ina, ndipo ili pafupi ndi ife. Ku Harare, Don Black, amene anasewerapo ku Wimbledon, anakonza mabwalo a kapinga pakhomo pake n'kuphunzitsirapo ana ake Byron, Wayne ndi Cara. Cara anapambana awiriawiri a amayi katatu, mu 2004, 2005 ndi 2007. Mu 2004 momwemo anatenganso chikho cha awiriawiri osakaniza mwamuna ndi mkazi limodzi ndi mchimwene wake Wayne, ndipo mu 2010 anachitenganso ndi Leander Paes wa ku India. Wesley Moodie wa ku South Africa anapambana awiriawiri a amuna mu 2005. Mu 2022 Angella Okutoyi wa ku Kenya, amene analeredwa ndi agogo ake ku Nairobi mayi ake atamwalira, anapambana awiriawiri a atsikana achichepere limodzi ndi Rose Marie Nijkamp wa ku Netherlands, n'kukhala Mkenya woyamba kutenga chikho pa mpikisano waukulu chotere. Mu 2024 anawonjezera mendulo ya golide pa masewero a mayiko a mu Africa ku Accra.