Laputopu yochedwa, yotentha ndiponso yoiwala tsiku: ndalama yoyamba isapite ku RAM

Amayi, mwafunsa za laputopu ya Dell Latitude E6430 imene mwana wanu amachitira zasukulu kwanuko ku Mufakose, ku Harare. Mwati ikayatsidwa imatenga nthawi yaitali isanafike poti munthu n'kutsegula fayilo, imatentha kunsi mpaka kuzima yokha, ndipo magetsi akapita n'kubweranso imasonyeza tsiku ndi nthawi zolakwika. Wokonza wina wakuuzani kuti muwonjezere RAM, kachipangizo kamene kamasunga kwa kanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito, wina wati mungogula yatsopano. Ine ndikuti makina amenewa akadali ndi moyo, musawataye. Koma mavuto mwatchulawa ndi atatu osiyana, lililonse ndi gwero lake, ndipo RAM siithetsa ngakhale limodzi mwa awiri omalizawo.

Lero lomwe, musanamasule sikuluu iliyonse, koperani zithunzi, zikalata ndi ntchito zonse za mwanayo muziike pa fulashi kapena pa hard drive ina (hard drive ndi chosungira mafayilo cha kompyuta). Mtundu wa laputopuwu unatuluka mu 2012, ndiye ngati hard drive yake sinasinthidwepo, yatumikira zaka zoposa khumi. M'kati mwake muli timbale tozungulira ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pa timbaleto. Laputopu ikazima mwadzidzidzi ikulemba, fayilo imene imalembedwayo imawonongeka, ndipo zikamachitika kawirikawiri Windows nayo imayamba kupunduka. Mukamva kaphokoso koti tiki, tiki, tiki kuchokera m'katimo, dziwani kuti nthawi yatha, koperani zofunika kwambiri poyamba.

Kenako tipeze chimene chikuchedwetsa. Dinani mabatani atatu nthawi imodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, kuti Task Manager itseguke, ndipo pitani pomwe palembedwa Performance. Yang'anani mizere itatu: CPU, Memory ndi Disk. Pa makina a msinkhu uwu chimene chimaoneka kawirikawiri n'chakuti Disk yaima pa 100% kwa mphindi zingapo, pamene CPU, imene ndi purosesa kapena kuti ubongo wa kompyuta, ili phee osachita zambiri. Zikatero ndiye kuti purosesa ikungodikira hard drive. Mukhozanso kuika kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo. Kakalemba Good, hard drive ndi yochedwa chabe. Kakalemba Caution kapena Bad, ikufa. Ngati mulibe data yokwanira, Dell inaikamo kale choyezera chake: poyatsa dinani F12 mobwerezabwereza, sankhani Diagnostics, ndipo iyeza hard drive, RAM ndi fani n'kukuuzani chimene chalephera.

Mankhwala a kuchedwako ndi SSD, chosungira mafayilo chopanda timbale tozungulira chimene chimalowa m'malo mwa hard drive. Gulani ya 2.5 inchi ya SATA, osati M.2 kapena NVMe zimene zimaoneka ngati kachidutswa kaching'ono kaatali, poti zimenezo zilibe polowera mu E6430. Ya 240 kapena 256 GB ikwanira ntchito zasukulu. Ngati mumasunga mavidiyo ambiri tengani ya 480 kapena 512 GB. Hard drive wamba ya laputopu imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi ikakhala bwino, pamene SSD ya SATA imafika cha m'ma 500 MB. Koma phindu lenileni silili pa nambala zimenezo. Windows ikamayaka imawerenga timafayilo ting'onoting'ono zikwizikwi tomwazikana, ndipo hard drive imayenera kusuntha kamkono kake kukafuna kalikonse, pamene SSD ilibe chosuntha. N'chifukwa chake laputopu imene imayaka m'mphindi zisanu imayamba kuyaka pasanathe mphindi imodzi.

Kusinthaku n'kosavuta pa makina amenewa. Zimitsani, zulani tchaja, chotsani batire, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi khumi kuti magetsi otsalira atuluke. Tembenuzani laputopu, masulani masikuluu amene agwira hard drive, ndipo imasololoka cham'mbali. Kapulasitiki kotsekera kamene kali kumapeto kwake musakataye, kachotseni n'kukamanga pa SSD. SSD ndi yopyapyala, 7 mm, pamene hard drive zambiri zakale ndi 9.5 mm, ndiye polowetsa onetsetsani kuti yakumana bwino ndi polumikizira, isadutse pamwamba kapena kunsi. Musakankhe ndi mphamvu. Mukamagula m'tauni, pemphani lisiti yolembedwapo miyezi ya galanti, ndipo auzeni aiike pa kompyuta muone ndi maso anu pa CrystalDiskInfo kukula kwake ndi maola amene yagwira ntchito. Pa mzere wa Power On Hours, yatsopano imasonyeza maola ochepa kwambiri. Ikasonyeza masauzande, akukugulitsani yakale.

Ndikulangizani kuika Windows yatsopano m'malo mokopera zonse za mu hard drive yodwala, chifukwa kukopera kumasamutsa ndi matenda omwe. Pamafunika fulashi ya 8 GB yopanda kanthu, ndipo fayilo yake ndi ya ma GB angapo, ndiye ndi bwino kuikopera pa Wi-Fi osati pa bandulo ya foni. Musanayambe, lowani mu BIOS, tsamba la zosankha za makina limene limatseguka Windows isanayambe, podina F2 poyatsa, pezani SATA Operation, muike pa AHCI. Ngati Windows 10 inali kale ndi chilolezo pa makina omwewa, ikani mtundu womwewo, Pro ngati inali Pro, ndipo imadzitsimikizira yokha ikalumikizidwa pa intaneti.

Apa pali nkhani imene ogulitsa ambiri sanena. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera za Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo lowonjezera lotchedwa ESU, limene kwa anthu a pakhomo malire ake anaikidwa pa 13 October 2026. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, pamene E6430 ili ndi ya m'badwo wachitatu. Alipo amene amaiika mokakamiza, ndipo imayenda, koma palibe chitsimikizo chakuti izilandirabe zotetezera. Ngati ntchito ya mwanayo ndi kulemba, kuwerenga ma PDF a mayeso akale a ZIMSEC, bungwe la mayeso la ku Zimbabwe, ndi kufufuza pa intaneti, Linux Mint ya Xfce, imene imaikidwa m'malo mwa Windows, ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo imabwera ndi Firefox komanso LibreOffice imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ubwino wake, mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta kanthu. Koma ngati aphunzitsi akufuna Microsoft Access kapena Visual Basic pa phunziro la makompyuta, khalani pa Windows, chifukwa zimenezo siziyenda pa Linux mwachindunji. Funsani kusukulu kaye.

RAM ibwere pachiwiri. Mukatsegula zimene mwanayo amatsegula tsiku ndi tsiku n'kuona Memory ikupitirira 80%, onjezerani. Makinawa ali ndi malo awiri a RAM ndipo amalandira mpaka 16 GB, koma 8 GB ndi yokwana, timatabwa tiwiri ta 4 GB. Imene ikufunika ndi DDR3 ya laputopu, yolembedwa PC3-12800S kapena PC3L-12800S pa kapepala kake. DDR4 siilowa n'komwe, kampata kake kali pena. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi malaputopu a Intel a m'badwo wachinayi, anuwo amafuna yokhala ndi L, ya 1.35 V, mukaika ya 1.5 V, ambiri sayaka. Gwirani RAM m'mbali, osakhudza timano tagolide, ilowetseni mopendekeka, kenako itsindikeni mpaka timawaya tam'mbali titi kete. Mukayatsa n'kupeza sikirini yakuda, musachite mantha, nthawi zambiri imakhala kuti sinakhazikike. Ichotseni muikenso.

Za kutentha tsopano. Fumbi la August mpaka October limalowa ndi mpweya n'kukaunjikana pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha, n'kupanga kansalu kokhuthala ngati bulangeti. Kunja simungakaone. Ikani dzanja potulukira mpweya kumanzere: mukamva fani ikulira koma mpweya ukutuluka pang'ono, njira yatsekeka. Tsegulani chivundikiro cha kunsi, chotsani kansalu kameneko ndi kaburashi kofewa, ndipo mukamapemerera gwirani fani ndi chala isazungulire, chifukwa ikazungulira mopyola liwiro lake imawonongeka. Chachiwiri ndi phala lotchedwa thermal paste limene limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo chake chamkuwa. Pakapita zaka limauma n'kukhala ngati choko. Masulani masikuluu a chitsulocho motsatira manambala olembedwapo, pukutani lakale ndi isopropyl alcohol, ikani latsopano lochepa ngati kanjere ka mpunga, n'kumanganso pang'onopang'ono mosinthanitsa ngodya. Mankhwala otsukira mano kapena girisi wa galimoto zisayandikire pamenepa, ndikupemphani. Purosesa zimenezi zimadziteteza zikayandikira madigiri 105, zimayamba zachepetsa liwiro kenako n'kuzima, ndiye kuzima mukukuonako ndi makina akudzipulumutsa. Mukatsuka, kapulogalamu ka HWMonitor kasonyeze cha m'ma 40 kapena 50 laputopu ikangokhala. Ndipo mwanayo asamaiike pabedi kapena pa pilo, poti mpweya umalowera kunsi. Thabwa kapena thileyi zikwanira.

Kuiwala tsiku ndi vuto laling'ono kwambiri pa onse. Pali kabatire kozungulira ka 3 V, CR2032, kamene kamasunga nthawi ndi zimene munasankha mu BIOS. Mu laputopuyi kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kokhala ndi timawaya tiwiri ndi kapulagi, ndiye pitani nako kakaleko kushopu kuti akupatseni kofanana. Musakanyalanyaze, chifukwa tsiku likalakwika mawebusaiti ambiri amakana kutseguka n'kumanena kuti kulumikizana si kotetezeka. Zimenezi zikusonyezanso kuti batire lalikulu mwina latha, poti likanakhala ndi moyo nthawi sikanatayika msanga chonchi. Ngati latupa, lichotseni lero, ndipo musaliboole kapena kuliponya pamoto.

Chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amachiphonya pa Dell ndi tchaja. Yoyenera ndi ya 19.5 V, 65 W kapena 90 W, ndipo pakati pa kamutu kake pali kasingano kamene kamauza laputopu kuti tchajayo ndi yamphamvu bwanji. Kasinganoko kakapindika, kapena tchaja ikakhala yachinyengo, laputopu imayakabe koma batire silitchaja ndipo purosesa imadzichepetsera liwiro dala. Lowani mu BIOS, pa Battery Information, muone pa AC Adapter. Pakalembedwa 65 W kapena 90 W zili bwino. Pakalembedwa Unknown, sinthani tchaja musanagule china chilichonse, chifukwa ngakhale SSD siithandiza mokwanira purosesa ikamangidwa miyendo.

Magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe, akapita, zulani tchaja pasoketi, ndipo akabwerera dikirani mphindi zingapo musanalumikizenso, poti nthawi yobwererayo ndi imene mphamvu imakonda kudumpha. Adaputa wamba ya mabowo ambiri siteteza kanthu. Funani yolembedwa kuti surge protector. Nyengo ya mvula, kuyambira November, mabingu akayamba zulani zonse, ngakhale chingwe cha intaneti, chifukwa mphezi imadutsa ngakhale pa chotetezeracho. Ngati ndalama sizikwanira zonse nthawi imodzi, mwezi uno tsukani fani, ikani phala latsopano, sinthani kabatire ndi kuyang'ana tchaja, kenako SSD, RAM pomaliza. Mukatsegula Task Manager ndi tsamba la BIOS lija, jambulani munditumizire tione limodzi musanapite m'tauni.