Musaope kumuika pachifuwa

Mayi, mwafunsa ngati n'koopsa kuika pachifuwa mwana wanu wobadwa masiku osakwanayo poti ndi wochepa kwambiri, komanso ngati bambo ake angathandizeko. Musaope ayi. Mwana wotere alibe mafuta okwanira m'thupi, ndiye amazizira msanga, ndipo kuzizirako n'kumene kumamufooketsa. Thupi lanu limamufunditsa usana ndi usiku, iye akumva kugunda kwa mtima komwe anakuzolowera ali m'mimba. Amapuma bwino, kulira kumachepa, nanunso mkaka umabwera.

Njira imeneyi, yotchedwa kangaru, inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, makina ofunditsira makanda atachepa. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti iziyamba mwana akangobadwa, maola 8 mpaka 24 patsiku.

Mumuveke thewera, chipewa ndi masokosi basi. Akhale choimirira pakati pa mabere, khungu lake likhudze lanu, mutu utembenukire kumbali. Apa ndiye samalani: khosi lisapindike, mphuno isatsekeke. Mumumange ndi nsalu, ndipo pogona muzitsamira mapilo, osagona chafufumimba.

Bambo ake? Kwabasi! Chifuwa chawo chimafundanso, inu mukasambe, mupumeko.

Koma mwana akasiya kuyamwa, akamabanika popuma kapena akazizira ali pachifuwa pomwepo, itanani anamwino kapena thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.