Musagulitse kamera chifukwa cha zithunzi zotuwa

Imelo ina yandikhala pamtima sabata yonseyi. Andilembera ndi achimwene ena omwe ali ndi makamera awiri, ya filimu yomwe amalume awo anawasiyira ndi ina yaing'ono ya dijito. Akuti zithunzi zonse zomwe atola masabata ano, pamene nyengo yozizira ikulowera kumapeto, zikutuluka zotuwa mbuu ngati phulusa, ndiye akufunsa ngati n'kwanzeru kugulitsa onse awiriwo kuti agule imodzi yamakono.

Achimwene, mwandigwira pabala. Zimene mukuganizazo ine ndinazichita kale, ndipo ndikazikumbuka mtima umandiwawabe mpaka lero. Ndiloleni ndiyambe ndi nkhani yangayo, chifukwa yankho lanu lili m'kati momwemo.

Kamera yanga yoyamba inali Pentax K1000. Mtunduwu unayamba kupangidwa mu 1976 n'kudzasiyidwa mu 1997, zaka zoposa 20 usanasinthe kwenikweni, ndipo anthu ambiri padziko anaphunzirira kujambula pa umenewu. Ndi kamera yolemera, yozizira m'manja, yopanda mabatani ambirimbiri. Ukasuzumira m'kati, kumanja kuli kasingano kamodzi kokha. Kakakwera ndiye kuti kuwala kwachuluka, kakatsika kwachepa, kakaima pakati akuti zonse zili bwino. Yanga inali ndi kachipsera pakona ya pamwamba, pomwe mwini wake woyamba anaigwetsera, ndipo chala changa chinazolowera kupumira pomwepo ndikamadikira kuti dzuwa lifike pomwe ndikufuna.

Chaka chimenecho ndinatengeka ndi chifunga. Ndinkadzuka mbandakucha, zala zitauma gwa ndi chisanu, n'kupita kudambo lina komwe chifunga chinkagona pamwamba pa madzi. Mitengo inali itayoyola masamba, udzu utauma, dzuwa likutuluka kuseri kwa chifungacho ngati mbale yoyera yomwe ungaiyang'ane osaphethira. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Ndinamaliza mafilimu atatu a zithunzi 36 iliyonse, ndipo pa chithunzi chilichonse kasingano ndinkakaika pakati ndendende, monga momwe anandiphunzitsira. Ndinapereka mafilimuwo kukatsukitsa n'kudikira masabata awiri, tulo osabwera bwino.

Tsiku lomwe ndinatsegula envelopu ndinaima pomwepo panjira. Zithunzi 108, ndipo panalibe n'chimodzi chomwe chokhala ndi kuyera komwe maso anga anaona. Chifunga chija chinali ngati bulangete lalitsiro. Madzi otuwa, thambo lotuwa, mitengo yakuda bii popanda khungwa looneka. Ndinachita kakasi.

Ndinatengera kamerayo kwa bambo wina yemwe ankagula ndi kugulitsa makamera akale. Anaiika pakhutu, anadina katatu shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, anapukusa mutu n'kunena kuti yatopa, sipuling'i zake zafooka, kuikonza n'kutaya nthawi. Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna munthu woti andiuze kuti vuto silili mwa ine. Ndinamusiyira kamerayo tsiku lomwelo, pamodzi ndi lenzi yake ya 50mm, ndipo patapita miyezi ndinagula ya dijito yomwe aliyense ankaiyamikira.

Nyengo yozizira itabweranso ndinabwerera kudambo lomwe lija, nthawi yomwe ija. Ndinadina, ndinayang'ana pasikirini. Bulangete lalitsiro lomwe lija. Ulendo uno panalibe wotsuka filimu woti ndimunene, panalibe sipuling'i zofooka. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa ndi mame ndipo ndinazindikira kuti ndinataya kamera yabwinobwino yomwe sinalakwe kanthu.

Chomwe chimachitika n'chakuti mita yoyeza kuwala, kaya ndi kasingano ka K1000 kaya ndi kakompyuta ka m'kamera yamakono, sidziwa chomwe ikuyang'ana. Inapangidwa kuti iziganiza kuti chilichonse chomwe chili patsogolo pake, mukachisakaniza pamodzi, chimakhala chotuwa chapakatikati, chomwe ojambula amachitcha cha 18 peresenti. Pa zinthu zambiri zimenezi zimayenda, chifukwa pamakhala zowala ndi zakuda zosakanikirana. Koma mukailozetsa pa chifunga, pa thambo loyera la mitambo, kapena pa chipale chofewa kwa omwe kwawo chimagwa, imaona ngati kuwala kwachuluka mopyola, ndiye imachepetsa mpaka choyeracho chituwe. Mukailozetsa pa mulu wa makala imachita zosiyana, imawonjezera kuwala mpaka makalawo atuwe. Makina osindikiza zithunzi kotsukitsa filimu nawonso ali ndi khalidwe lomweli ngati palibe munthu wowawongolera, ndiye chithunzi chanu chimatuwitsidwa kawiri.

Nkhaniyi si yatsopano. Ojambula awiri a ku America, Ansel Adams ndi Fred Archer, anakonza njira yotchedwa Zone System cha m'ma 1940, yomwe imagawa kuwala m'masitepe kuyambira chakuda bii mpaka choyera mbee. Sitepe iliyonse ndi kuwirikiza kuwala kawiri. Chotuwa chomwe mita imafuna chili pa Zone V, pakati penipeni, pomwe chinthu choyera chomwe chikuonekabe maonekedwe ake chimayenera kukhala masitepe awiri kapena atatu pamwamba pake. Zinali zitalembedwa kale ine ndisanabadwe. Bambo uja akanatha kundiuza m'mawu khumi, ndipo ndikukhulupirira kuti ankazidziwa.

Apa ndiye ndilankhule mosabisa, chifukwa zimandikwiyitsa. Munthu aliyense wophunzira kujambula akakhumudwa, amapeza anthu khumi omuuza kuti agule china, osapeza n'mmodzi yemwe womufunsa kuti mita yake inkaloza pati. Ndimakana kotheratu maganizo akuti kamera yatsopano imakonza maso a munthu. Makamera amakono ali ndi mita zochenjera, zina zimayesa kuzindikira thambo ndi nkhope, koma m'chifunga zimaphonyabe, ndipo choipa kwambiri n'chakuti zimakubisirani chifukwa chake. Kasingano kaja kankandiuza zoona zake poyera: ine ndayeza, chotsala usankhe wekha. Ndikanadziwa kukawerenga ndikanakasiya dala pamwamba pa pakati. Ndafika poganiza kuti wophunzira aliyense ayenera kukhala chaka chathunthu ndi kamera yomwe simusankhira kanthu, ndipo yemwe ali nayo kale n'kumafuna kuigulitsa akutaya mphunzitsi.

Mkangano woti chabwino n'chiti pakati pa filimu ndi dijito ndinausiya kalekale. Kamera yoyamba ya dijito anaipanga Steven Sasson mu 1975, ali pa ntchito ku Kodak, kampani yomwe inkadyera filimu. Inkatola chithunzi chakuda ndi choyera cha timadontho 10,000 tokha, ndipo inkatenga masekondi 23 kuchisunga pa kaseti. Zaka zitapita dijito inakula n'kumeza msika. Kodak inasiya kupanga filimu ya Kodachrome mu 2009, mu 2012 inakadziwitsa khoti kuti ngongole zaikulira, ndipo anthu anaimba nyimbo za maliro a filimu. Koma Tri-X, filimu yakuda ndi yoyera ya Kodak yomweyo, yomwe inatuluka ngati filimu ya 35mm mu 1954, ikugulitsidwabe, ndipo mu 2024 Pentax inatulutsa kamera yatsopano ya filimu, Pentax 17, yomwe imatola zithunzi 72 pa filimu ya 36 pogawa chithunzi pakati. Ziwirizi zikukhala limodzi bwinobwino, ndipo inu achimwene muli nazo zonse m'chikwama chimodzi. Ya dijitoyo ikuonetsani cholakwa nthawi yomweyo, ya filimuyo ikuphunzitsani kuganiza musanadine. Ine ndinadikira chaka chathunthu kuti ndione chomwe inu mungachione mawa m'mawa.

Zimasiyana pamalo amodzi ofunika kuwadziwa. Filimu ya negative, ija yomwe ikatsukidwa zowala zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zowala, imapirira kuwala kochuluka. Mukaipatsa sitepe imodzi kapena awiri owonjezera sidandaula, koma mukaimana kuwala mithunzi imafa n'kusanduka matope. Dijito ndi filimu ya slide, yomwe ikatsukidwa imaonetsa chithunzi momwe chilili, zili mosiyana: chowala chikapsa n'kufika poyera kotheratu ndiye kuti chapita, palibe pulogalamu yochibwezeretsa. N'chifukwa chake pa dijito ndimayang'ana histogram, kaphiri kaja ka pasikirini koonetsa zakuda kumanzere ndi zowala kumanja, n'kukakankhira kumanja mpaka katatsala pang'ono kugunda khoma.

Ndiponso musainyoze nyengo imeneyi. Ambiri amaika makamera m'kabati kudikira maluwa, amati kunja kulibe mtundu, n'kouma. Kwa ine ndi nthawi yomwe dziko limaonetsa mafupa ake. Mtengo wopanda masamba umaoneka momwe nthambi zake zinakanganirana kuwala zaka zonsezi. Dzuwa limayenda motsika kuposa m'nyengo yotentha, ndiye mithunzi imatalika ndipo kuwala kumabwera cham'mbali, kukanda pa khungwa, pa khoma, pa makwinya a nkhope. Ndipo kumapeto kwenikweniku, mukayandikira nthambi, mupeza timphukira totupa tisanatseguke. Ndinakhalapo ola lathunthu pa kanthambi kamodzi kudikira kuti dontho la mame lifike kunsonga ya mphukira dzuwa lili kuseri kwake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mawa umenewo ndinawamvetsa. Pa filimu yakuda ndi yoyera, monga Ilford HP5 Plus kapena Tri-X, zonse za ISO 400 (nambala yosonyeza momwe filimu imamvera kuwala), fyuluta yachikasu kapena yaolenji imadetsa thambo labuluu kuti nthambi zowala ndi mitambo zituluke.

Mabatire ndi chinyezi

Kuzizira kumafooketsa batire. Ya lithium yomwe inali yodzaza kunyumba imatha kuonetsa kuti yatha muli pakati pojambula, koma mukaifunditsa imabwerera. Yapadera muziisunga m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi. Apa kamera ngati K1000 imapambana, chifukwa kabatire kake n'ka mita yokha, shutter imayenda ndi sipuling'i. Batire ikafa mumajambulabe: dzuwa likawala bwino ikani kabowo ka lenzi pa f/16, liwiro la shutter likhale loyandikana ndi nambala ya ISO, monga 1/500 pa filimu ya 400, n'kumatsegula kabowo ka lenzi mitambo ikamachuluka.

Mdani wamkulu ndi chinyezi. Mukalowetsa kamera yozizira m'chipinda chofunda, madzi amatera pagalasi, kunja ndi m'kati momwe, ngati pa botolo lochoka m'firiji. Ndinataya lenzi ina chifukwa cha zimenezi. Ndinkaipukuta kunja n'kuitsekera m'chikwama, ndipo patapita miyezi ndinaona timizere ta chuku tayala m'kati mwa galasi ngati ukonde wa kangaude. Tsopano ndisanalowe m'nyumba ndimaika kamera m'jumbo, kumanga bwino, n'kuisiya ola limodzi kapena awiri kuti itenthe pang'onopang'ono. Komwe kumazizira koopsa filimu imauma n'kuyamba kuthyoka msanga, ndipo kuikulunga mothamanga mumpweya wouma kumabala timphezi ta magetsi tomwe timasiya zipsera pa negative. Muzikulunga modekha.

Izi zandikumbutsa zotsuka nokha, zomwe ndinayamba chifukwa cha mkwiyo wa envelopu ija. Mankhwala otsukira filimu yakuda ndi yoyera nthawi zake zambiri zimawerengedwera pa madigiri 20, pomwe ya mitundu, njira ya C-41, imafuna pafupifupi 38. M'nyengo yozizira madzi a pampopi amakhala pansi pa 20, ndipo mankhwala ozizira amagwira ntchito mwaulesi, negative imatuluka yopyapyala, yotuwanso. Ndimaimika botolo m'beseni la madzi ofunda, thermometer ili m'kati, n'kumayang'ana kamzere kakukwera mpaka kafike. Nthawi yomwe ndimatulutsa filimu yonyowa m'thanki n'kuikweza kuwindo, chifunga chikuoneka chakuda ndi chokhuthala pa negative, ndimadziwa kuti pachithunzi chidzayera momwe ndinachionera.

Tsono achimwene, musagulitse iliyonse. Mawa tulukani ndi onse awiri. Pa ya dijito pezani kabatani kolembedwa +/-, kowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, muike +1, chifunga kapena chipale chikadzaza chithunzi yesaninso +2, n'kuona histogram. Mithunzi ikamaoneka yabuluu sinthani white balance, yomwe imawongolera mitundu, muike pa mitambo kapena pa mthunzi. Chomwe chayenda bwinocho chitaninso pa ya filimu potsegula kabowo sitepe imodzi kapena awiri, ndipo wotsukayo mumuuze kuti zoyera azisiye zoyera. Negative zomwe muli nazo kale musataye, kazijambulitseninso pa scanner, zina zipulumuka.

Munditumizire zitatu mwa zimenezo, ndiponso mundiuze kuti kamera ya amalumeyo ndi ya mtundu wanji. Ikakhala K1000, muone pakona ya pamwamba ngati pali kachipsera. Ine iliyonse yomwe ndaipeza ndimayamba ndayang'ana pamenepo.