Mchimwene wapeza mkazi wa ku Lesotho, tiyembekezere zotani?

FUNSO: Anti, ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu koma kwathu ndi ku Dedza. Mchimwene wanga ali ku Joni, wapeza chibwenzi cha ku Lesotho ndipo akuti akufuna amange banja. Nde akutiuza zoti kumeneko mkazi akakwatiwa amamusintha dzina, komanso akufuna ng'ombe zambirimbiri, amayi akungoti kumeneko nkugula munthu basi. Kodi anthu amenewa mkazi amamuona bwanji? Mayi T., Chibavi

YANKHO: Achemwali, auzeni amayi akhazike mtima pansi. Inu mukukhala ku Mzuzu, za lobola simunayambe kuzimva lero, aneba anu a ku Mzimba ndi ku Rumphi amalowola ndipo palibe amati anagula mkazi. Abasotho nawo zili choncho, mkazi amapita kwa mwamuna, ana amakhala akuchimuna, osati za chikamwini zakwanu zija. Lobolayo iwo amati bohali, ndipo pamwambo wake amatchula ng'ombe 20, nkhosa 10 ndi hatchi imodzi. Musakomoke, ambiri amapereka pang'onopang'ono, ena amasintha kukhala ndalama, ena mpaka amakalamba asanamalize.

Za dzina nzoona. Mtengwa akafika kwa apongozi amamuphera nkhosa nkumupatsa dzina latsopano loyamba ndi 'Ma, ndiye kuti make wa uje, mwanayo asanabadwe nkomwe, kenako akadzabadwa amatenga dzina lomwelo. Mkazi wa Letsie III, mfumu ya dziko la Lesotho, anali Karabo, atakwatiwa mu 2000 anakhala 'Masenate, ndipo mwana wawo woyamba wobadwa mu 2001 ndi Senate. Apa mukuona kale kuti kwa iwo ulemu wa mkazi wagona pa umayi, amalowa pakhomo ngati mayi wa mtundu umenewo. Nzokoma ndithu, koma ine zimandimvetsa chisoni ndikaganiza za mayi amene mphatso ya mwana yamuvuta, tsiku ndi tsiku akuitanidwa dzina la mwana amene kulibe.

Chinamwali alinacho, amati lebollo, anamwali ake amadzola dothi loyera nkuphimba kumaso, ngakhale masiku ano si onse amapitako. Chomwe chidzakudabwitseni kwambiri nchakuti mlamu wanuyo ngati anakulira pamwambo sadzatchula dzina la bambo anu ngakhale pang'ono, mpaka mawu ofanana nalo amawazemba, nde musadzati ndi matama.

Komanso musayembekezere munthu wofooka ayi. Ali ndi mwambi woti mayi amagwira mpeni chakuthwa kwake. Kwa zaka zambiri amuna a ku Lesotho ankapita kumigodi ya ku South Africa nkukhala miyezi osabwera, kumudzi munda, ana, agogo, maliro, zonse zili pamutu pa mkazi, anyamata nawonso ali kumapiri kubusa ziweto pamene atsikana ali mkalasi, nchifukwa chake kumeneko akazi odziwa kulemba ndi kuwerenga amaposa amuna.

Chodabwitsa nchakuti mkazi yemweyo, woyendetsa mudzi wonse, malamulo ankamuwerengera ngati mwana wa mwamuna wake, ngongole kubanki kapena kugula katundu wamkulu mpaka bambo avomereze. Izi zinatha mu 2006 atakhazikitsa lamulo latsopano la anthu apabanja. Pa ufumu pokha mpaka pano sizinasinthe. 'Mantšebo, mkazi wamasiye wa mfumu yaikulu, anayendetsa dziko lonse kuyambira 1941 mpaka 1960 koma ankangogwirizira mpando mwana wamwamuna. Senate wina, Senate Masupha, mwana woyamba wa mfumu ina yaikulu, anakasuma kukhothi kuti alowe ufumu wa bambo ake, anagonja mu 2013, apilo nayo anagonja mu 2014, zifukwa zake zoti ndi mwana wamkazi. Mkazi wamfumu angagwirizire, mwana wamkazi ayi. Inu a ku Dedza amene munaona Theresa Kachindamoto akulowa ufumu izi zikuvutani kumvetsa eti.

Nde mchimwene wanuyo asathamange kungomutenga mwana wa eni nkuyamba kukhala naye ku Joni. Tumizani amalume ndi ankhoswe akakhale pansi ndi makolo ake, akagwirizane za ng'ombezo ndipo akalemberane papepala zomwe zaperekedwa ndi zotsala. Inu ndi amayi yambani kuganizira dzina loti mudzamupatse. Ndipo ngati amalume adzapite mu June kapena July adzatenge majekete enieni ndi bulangete, kuzizira kwa Mzuzu kumene mumadandaula nako nkwachibwana, kumeneko madzi amagona atauma gwa.