Tinagwirizana zosabereka, tsopano amuna anga akufuna mwana

Azakhali,

Ndili ndi zaka 34 ndipo ndakhala pabanja zaka 6. Tisanakwatirane ndinawauza amuna anga mosabisa kuti sindifuna kudzabereka. Ana sindidana nawo. Ndine woyamba kubadwa, ndipo azing'ono anga onse anakulira kumsana kwanga mayi akudwaladwala, moti ndinafika zaka 20 nditatopa kale ndi kulera. Iwo anavomera, nati za ana alibe nazo chidwi.

Chaka chatha mng'ono wawo anadalitsidwa ndi mwana wamkazi. Titapita kukamuona anamunyamula nthawi yaitali osafuna kumubweza, ndipo pobwerera sanayankhule njira yonse. Chiyambire tsiku limenelo amanditumizira nkhani pafoni za mayiko omwe ana akubadwa ochepa, masukulu akutsekedwa, okalamba akusowa owasamala. Amati aliyense akaganiza ngati ine, anthu adzatha padziko. Apongozi akuganiza kuti ndili ndi vuto la kubereka ndipo amandilozera madokotala, amuna anga ali duu. Njira yolera ya pamkono yomwe ndinayikitsa ikutha posachedwa. Mnzanga wina akuti ndikayikitse ina mobisa n'kumanena kuti tikuyesa. Wina akuti ndingobereka mmodzi kuti banja lisathe. Kodi ndine wodzikonda?

Wosokonezeka mtima

Mwanawe,

Si iwe wodzikonda. Unanena zoona chibwenzi chisanafike patali, pa nthawi yomwe mwamunayo akanatha kutembenuka n'kukafuna wina. Ambiri sachita zimenezo.

Nkhani zomwe akukutumizirazo si zabodza. Kuti chiwerengero cha anthu m'dziko chisatsike, pamafunika kuti amayi 10 azibereka ana pafupifupi 21. Ku South Korea mu 2023, amayi 100 amayembekezeka kubereka ana 72 okha pa moyo wawo wonse. Ku Japan masukulu pafupifupi 9,000 anatsekedwa pakati pa 2002 ndi 2020. Dziko la China, lomwe linaletsa mabanja kukhala ndi ana oposa mmodzi kuyambira 1980, linalola awiri mu 2016, kenako atatu mu 2021, koma mu 2022 chiwerengero cha anthu ake chinayamba kutsika. Padziko lonse, m'zaka za m'ma 1960 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 5, lero angopitirira 2 pang'ono. Koma zoti anthu adzatha, ayi. Bungwe la United Nations likuyerekeza kuti tipitirira kuchuluka mpaka kufika pafupifupi 10.3 biliyoni m'zaka za m'ma 2080.

Ndipo amene akutsitsa ziwerengerozo ambiri si anthu a maganizo ngati ako. Mu 2025 bungwe la UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu, linafunsa anthu m'mayiko 14, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa 5 anati sakuyembekeza kudzakhala ndi ana ochuluka momwe amafunira. Chopinga chomwe chinatchulidwa kwambiri ndi ndalama: anthu 39 mwa 100 anatero. Nyumba zodula, ntchito zosadalirika, kusowa womusiyira mwana ukapita kuntchito, ntchito za pakhomo kugwera mkazi yekha. Amenewo ndi mavuto oti maboma akonze, kuti wofuna ana abereke. Dziko lina linayesa kukakamiza. Mu 1966 boma la Nicolae Ceaușescu ku Romania linaletsa kuchotsa mimba n'kupangitsa njira zolera kusowa. Chaka chotsatira ana obadwa anachuluka pafupifupi kawiri, koma amayi ambiri anafa pochotsa mimba mobisa, ndipo ulamuliro wake utagwa mu 1989 ana oposa 100,000 anapezeka m'nyumba za boma zosungira ana, ambiri ali m'mavuto osaneneka. Ndikaganiza za ana amenewo mtima umandiwawa. Mwana ayenera kubadwa chifukwa wina akumufuna iyeyo, osati kuti akwaniritse chiwerengero.

Koma tisataye nthawi ndi South Korea, pakuti amuna akowo sakudandaula za South Korea. Iwe wemwe wandiuza pomwe zinayambira. Ananyamula khanda la mng'ono wawo, linawagwira chala, ndipo china chake chinawasuntha mumtima. Kunena kuti "ndikufuna mwana" kukuwavuta chifukwa akudziwa kuti analonjeza. Ndiye akubisala kuseri kwa nkhani za pafoni. Ndikupempha kuti usawatenge ngati wachinyengo. Mwina pa nthawi ija ananena zoona, ndipo lero akumvanso zoona. Munthu amasintha. Chomwe akulakwitsa n'kukupanikiza ndi mantha a dziko lonse m'malo mokuuza zakukhosi, komanso kukhala chete pamene mayi awo akukuyesa wosabereka.

Za apongozizi zandikwiyitsa. Chisankho munapanga awiri, koma manyazi ukusenza wekha. Si iwe woyenera kukafotokoza kwa apongozi. Mwana wawo ndiye apite akawauze kuti, "Amayi, mkazi wanga sakudwala, musamamulozerenso madokotala, nkhaniyi ndi ya ife awiri." Sayenera kuulula zonse ngati simunagwirizane kutero, koma akutchinjirize. Apongozi nawonso akuchita zimenezi chifukwa cha chisoni, poganiza kuti ukulira mumtima. Kuwasiya m'bodza n'kuwalakwira.

Tsopano anzako awiri aja. Onse amakukonda, onse akusokeretsa.

Kukayikitsa njira yolera mobisa n'kumati mukuyesa, usayerekeze. Thupi ndi lako, ndipo palibe angakuletse kukayikitsa ina. Koma bodzalo ndi lankhanza. Mwezi uliwonse mwamuna azidikira, azikhumudwa, mwina ayambe kudzikayikira yekha n'kupita kukayezetsa. Udzakhala ukumubera zaka zomwe akanatha kusankha njira ina. Ndipo tsiku lina dzanja lake lidzakhudza pamkonopo, kapena namwino adzafunsa funso iye ali pomwepo. Ukafuna kuyikitsa ina, muuze kaye: "Ndikupita kukayikitsa, chifukwa sindikufuna kutenga mimba nkhaniyi tisanaimalize." Adzakwiya mwina, koma sudzakhala utamunamiza.

Kubereka mmodzi kuti banja lisathe n'koopsa kuposa apo. Mmodzi ndi mwana wathunthu, wofuna mayi usiku ndi usana kwa zaka zambiri. Alipo amayi omwe sankafuna ana, nabereka, n'kudzakondwa. Aliponso omwe amalera mokhulupirika koma mumtima muli chisoni chomwe sauza munthu, ndipo ana amazindikira. Palibe angakulonjeze kuti udzakhala mbali iti. Komanso mwana samata banja losweka. Kusagona, ndalama, kukangana za woti adzuke, zonsezi zimakulitsa mng'alu womwe unalipo kale.

Pali funso limodzi lomwe ndikufuna udzifunse wekha, popanda amuna ako, popanda apongozi. Unalera azing'ono ako uli mwana, wopanda wokuthandiza, wopanda wokufunsa ngati ukufuna. Kodi chomwe ukukana ndi mwana, kapena ndi kulera kwa mtundu umenewo? Tseka maso uganize kuti ndalama zilipo, mwamuna akudzuka usiku, akuchapa matewera, ntchito yako sikuyima. Kodi pamenepo mtima ukuti inde? Ngati ukusunthako pang'ono, pali zoti mukambirane, ndipo mlangizi wa mabanja wosakondera angakuthandizeni. Ngati ukuti ayi ngakhale zonsezo zitakhalapo, limenelo ndi yankho lokwanira, ndipo sindikukakamiza kulisintha. Ndikufunsa chifukwa mphamvu yobereka ya mkazi imatsika msanga akapitirira zaka 35, ndiye ndi bwino chisankho chikhale chako, osati kungodzazindikira kuti nthawi yakusankhira. Pa chifukwa chomwecho, za njira yotsekeratu usaziganize panopa mtima uli m'mwamba.

Adzakufunsa kuti adzakusamala ndani ukadzakalamba. Funsolo usalinyoze. Ana si chitsimikizo, okalamba ambiri obereka ali okha. Koma wopanda ana ayenera kukonzekera ndi maso awiri: kusunga ndalama za ukalamba, kulemba wilo, kusunga ubale ndi anthu. Azing'ono ako aja ndi ana awo usawataye. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chovuta kwambiri ndachisunga kumapeto. N'kutheka kuti mutakambirana bwinobwino, iwo adzapeze kuti sangakhale opanda mwana, iwe n'kupeza kuti sungabereke. Pamenepo palibe pakati. Mabanja ena amapitirira, mmodzi atalira maliro a moyo womwe sadzakhala nawo n'kusankha mnzake ndi mtima wonse. Ena amasiyana akukondanabe. Zonse ziwiri n'zowawa, koma zimaposa kukhala zaka 20 wina akusungira mnzake chakukhosi.

Usadikire tsiku lochotsa ya pamkonoyo. Sabata ino, sankha madzulo omwe nonse simunatope, mafoni muwayike patali, uwafunse kuti, "Tisiye za mayiko ena. Inuyo mukufuna mwana?" Akayankha, usawakumbutse za lonjezo lija. Amvere mpaka amalize, kenako nawe unene zako zonse. Musagamule usiku womwewo. Gwirizanani tsiku lina, pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, loti mudzakhalenso pansi aliyense atalingalira payekha. Za apongozi zokha zisadikire mwezi, akawauze sabata yomweyi.

Azakhali